Al-Razi wa ku Rayy: Dokotala Amene Ankagwira Ntchito ndi Magulu a Ophunzira

Magulu a sayansi a pasukulu pathu akukonzekera kugwirira limodzi ntchito yofalitsa uthenga wa zaumoyo m'midzi yotizungulira, ndipo makolo ena afunsa funso lomveka: kodi imeneyi ndi ntchito ya ana a sukulu, kapena ndi ya madokotala? Ena akuda nkhawa kuti nthawi yowerengera mayeso a MSCE ithera m'njira. Pofuna kuthandiza pa zokambirana zimenezi, tsamba lathu la mbiri ulendo uno likukamba za Abu Bakr Muhammad ibn Zakariya al-Razi, amene anamwalira zaka pafupifupi 1,100 zapitazo. Anthu ophunzira za mbiri ya mankhwala, Asilamu ndi a zipembedzo zina omwe, amamuika pagulu la madokotala akuluakulu amene dziko linakhalapo nawo. Chimene sichikambidwa kawirikawiri n'chakuti mbali yaikulu ya ntchito yake ankaigwira pamodzi ndi ophunzira, ndipo buku lake lalikulu kuposa onse linatuluka iye atamwalira kale, atalisonkhanitsa ophunzirawo.

Kubadwa ndi unyamata wake

Al-Razi anabadwa m'chaka cha 865, chomwe ndi 251 pa kalendala ya Hijri, mumzinda wa Rayy. Lero mzindawu unalumikizana ndi Tehran, likulu la dziko la Iran. Dzina loti al-Razi limangotanthauza munthu wa ku Rayy, monga momwe ife tinganenere kuti uje wa ku Tsangano kapena wa ku Bawi. Anthu a ku Ulaya analipotoza dzinali n'kumati Rhazes. Rayy unali mzinda wa malonda pamsewu waukulu wochokera ku Baghdad kupita ku Khurasan, choncho mwana wokulira kumeneko ankaona alendo, katundu, mabuku ndi matenda ochokera kutali.

Olemba mbiri akale amati ali mnyamata ankakonda kuimba chida cha zingwe chotchedwa oud. Kenaka mtima wake unapita pa luso losungunula ndi kusakaniza miyala, zitsulo ndi mchere wa mitundumitundu, limene Aarabu ankalitcha al-kimiya. Anthu a luso limeneli ankayembekeza kusandutsa zitsulo wamba kukhala golide. Golideyo sanapezeke, koma zaka zimene al-Razi anathera pang'anjo sizinapite pachabe. M'buku lake lotchedwa Kitab al-Asrar anagawa zinthu m'magulu atatu, zochokera m'nthaka, zochokera ku zomera ndi zochokera ku nyama. Analembanso mndandanda wa zida zogwirira ntchitoyo, monga mabotolo, zosefera, ng'anjo ndi zotchezera, n'kufotokoza kagwiritsidwe ntchito kake mwatsatanetsatane kuti munthu wina athe kubwereza zimene iye anachita. Wophunzira wa Fomu 3 amene amalemba zida, njira ndi zotsatira m'kope lake la Kemisitiri akutsata khalidwe lomwelo.

Udokotala anauyamba atakula kale, ndipo ambiri mwa olemba mbiri amati anali atakwanitsa zaka 30. Amene mukuona ngati munachedwa kuyamba kulimbikira sukulu, mfundo imeneyi muisunge.

Ku Baghdad ndi ku chipatala

Pa nthawiyo Baghdad unali likulu la makhalifa a banja la Abbas, ndipo unali mzinda wa mabuku. Mapepala anali atayamba kupangidwa kumeneko, ndipo anthu olemera ankalipira akatswiri kuti amasulire m'Chiarabu mabuku a Agiriki, Aperezi ndi Amwenye. Mmodzi mwa omasulira otchuka anali Hunayn ibn Ishaq, Mkhristu amene anamwalira m'chaka cha 873. Iyeyu ndi ophunzira ake anamasulira mabuku ambiri a Galen ndi Hippocrates, madokotala akale a Chigiriki. Al-Razi anawerenga zonsezi, ndipo ankakopera m'makope ake chilichonse chimene wapeza chokhudza nthenda iliyonse, n'kulemba dzina la mwini mawuwo pambali pake.

Atadziwika, anapatsidwa udindo woyang'anira chipatala cha kwawo ku Rayy, ndipo pa nthawi ina anayang'aniranso chipatala ku Baghdad. Zipatala zimenezi zinkatchedwa bimaristan, mawu a Chiperezi otanthauza malo a odwala. Cha m'ma 903 analembera bwanamkubwa wa ku Rayy, Mansur ibn Ishaq, buku la magawo 10 lotchedwa Kitab al-Mansuri. M'bukuli muli gawo la kapangidwe ka thupi, la zakudya ndi mankhwala, la kasamalidwe ka thupi kuti munthu asadwale, la malangizo kwa apaulendo, la poizoni, ndi la matenda onse kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Pali nthano yotchuka yokhudza chipatala cha ku Baghdad. Akuti atafunsidwa kuti asankhe malo omangapo chipatala, al-Razi anapachika nthuli za nyama m'madera osiyanasiyana a mzindawo, n'kusankha dera limene nyama inachedwa kuwola, poganiza kuti mpweya wa kumeneko ndi wabwino. Nthanoyi ndi yokoma, koma ili ndi vuto. Chipatala chimene imatchula, cha al-Adudi, chinamangidwa cha m'ma 981, al-Razi atamwalira zaka zoposa 50 m'mbuyomo. Ibn Abi Usaybi'a, amene analemba mbiri ya madokotala m'zaka za m'ma 1200, anaona kale kuti zaka sizikugwirizana. Taifotokoza dala nthanoyi kuti ophunzira aone kuti nkhani ikhoza kuyenda pakamwa pa anthu zaka mazanamazana koma osapirira ikafunsidwa funso limodzi lokha. Uthenga wa zaumoyo umene wabwera pa WhatsApp uyenera kufunsidwa mafunso chimodzimodzi usanatumizidwe kwa wina.

Mizere ya ophunzira

Kaphunzitsidwe ka al-Razi timakadziwa kudzera mwa Ibn al-Nadim, wogulitsa mabuku wa ku Baghdad amene analemba buku la al-Fihrist m'chaka cha 987. Iye anamva nkhaniyi kwa munthu wina amene anaimva kwa nkhalamba ina ya ku Rayy imene inamuona al-Razi ndi maso. Al-Razi ankakhala pansi atazunguliridwa ndi ophunzira ake akuluakulu. Kumbuyo kwa amenewa kunkakhala ophunzira awo, ndipo kumbuyo kwa iwowanso kunali ena ongoyamba kumene. Wodwala akafika ankayamba kufotokoza vuto lake kwa amene wakumana nawo koyamba. Ngati iwowo akulidziwa vutolo, ankamuthandiza pomwepo. Likawakanika, ankamupereka kwa a mzere wotsatira. Onse akalephera, m'pamene al-Razi mwini ankayankhula, ophunzira onse akumvetsera.

Tiyeni tione ubwino wa dongosolo limeneli. Wophunzira wamng'ono sankangokhala woonerera, ankapatsidwa mpata woyamba woganiza. Komanso ankaphunzira chinthu chovuta kuposa mayina a mankhwala, chomwe ndi kudziwa pamene nzeru zake zathera, n'kunena poyera kuti apa ndalephera, pitani kwa anzanga. Wophunzira wamkulu ankakhwima pophunzitsa aang'ono. Wodwala naye sankabwezedwa chimanjamanja, chifukwa funso lake linkakwera mpaka litapeza woliyankha. Ndi mmenenso zaumoyo zimayendera kuno kwathu: mlangizi wa zaumoyo m'mudzi amatumiza wodwala ku chipatala chaching'ono, chaching'ono chimatumiza ku chipatala cha boma pa Ntcheu, ndipo zikavuta wodwala amapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mutu umodzi susenza denga.

Ophunzirawo ankalembanso zimene zikuchitika. Buku lotchedwa Kitab al-Tajarib lili ndi nkhani za odwala pafupifupi 900 amene al-Razi anawaona, ndipo linasonkhanitsidwa kuchokera ku zolemba za ophunzira ake. Nkhani iliyonse ndi yaifupi: wodwala anadandaula chakuti, mkodzo wake unkaoneka motere, mphunzitsi analamula chakuti. Al-Razi nayenso ankalemba za odwala ake, osabisa pamene waphonya. Analemba za bambo wina amene ankatentha thupi mosinthasintha kwa masiku ambiri, mpaka mafinya anayamba kutuluka mumkodzo ndipo zinadziwika kuti vuto linali mu impso. Pamenepo al-Razi anavomera m'zolemba zake kuti akanalizindikira msanga vutolo akanamufunsa wodwalayo ngati akumva kulemera m'chiuno, koma sanafunse. Dokotala wotchuka ngati ameneyo analemba kuphonya kwake kuti ophunzira asadzakubwereze.

Nkhalamba ya ku Rayy ija inanenanso kuti al-Razi anali wopatsa, wachifundo kwa osauka, ndipo ankawapatsa thandizo n'kuwasamalira yekha akadwala. Inati nthawi zonse ikamuyendera inkamupeza akulemba kapena akukopera buku.

Nthomba ndi chikuku

Buku limene linamutchukitsa kwambiri ndi laling'ono, lotchedwa Kitab al-Judari wa al-Hasba, kutanthauza buku la nthomba ndi chikuku. Matenda awiriwa onse amayamba ndi kutentha thupi kenaka n'kutulutsa zotupa pakhungu, choncho anthu ambiri ankawasokoneza. Al-Razi anawalekanitsa poyang'anitsitsa odwala kuyambira tsiku loyamba, zotupa zisanatuluke. Anaona kuti kupweteka kwambiri kwa msana kumapezeka makamaka pa nthomba, pamene nseru, kusakhazikika ndi nkhawa zimakula pa chikuku. Anafotokoza mitundu ya matuza a nthomba, n'kusonyeza amene amalosera kuchira ndi amene amalosera imfa. Anaona kuti ana ndi achinyamata ndi amene amagwidwa kwambiri. Analimbikitsanso kusamalira maso ndi pakhosi pa wodwala kuyambira pachiyambi, chifukwa nthomba inkasiya anthu ambiri ali akhungu.

Chimene chimayambitsa matendawa sanachidziwe. Iye ankaganiza kuti magazi a mwana amawira pamene akukula, monga chimera chimawirira mumtsuko, ndipo matuza ndi thovu lake. Lero tikudziwa kuti nthomba ndi chikuku zimayamba ndi tizirombo tosiyana ta mtundu wa vairasi, tomwe sitioneka ngakhale pa maikulosikopu wamba wa mu labotale ya sukulu. Komabe zimene anaona ndi maso n'kulemba mosamala zinakhalabe zoona, ngakhale kuti chifukwa chimene anapereka chinagwa. Bukuli linamasuliridwa m'Chigiriki ndi m'Chilatini, linasindikizidwa ku London m'Chiarabu ndi m'Chilatini m'chaka cha 1766, ndipo William Alexander Greenhill analimasulira m'Chingerezi m'chaka cha 1848. Madokotala ankaliwerengabe patatha zaka 900 chilembedwere.

Kulemekeza mphunzitsi ndi kumufunsa mafunso

Pa nthawi ya al-Razi mawu a Galen ankatengedwa ngati osatsutsika. Al-Razi ankamulemekeza Galen kwambiri ndipo ankadziona ngati wophunzira wake, koma analemba buku lotchedwa Shukuk ala Jalinus, kutanthauza zokayikitsa m'mabuku a Galen. M'menemo anasonyeza malo amene zolemba za Galen zinkasiyana ndi zimene iye ankaona m'chipatala, mwachitsanzo pa kayendedwe ka matenda otentha thupi. Mfundo yake inali yakuti Galen mwini ankadzudzula aphunzitsi ofuna kuti ophunzira azingovomera, choncho kumufunsa mafunso ndiko kumutsata bwino.

Pa nthawi ina anachita chinthu chimene akatswiri a kafukufuku wa mankhwala amachitchulabe mpaka lero. Anali ndi odwala oonetsa zizindikiro za nthenda yotupitsa ubongo imene ankaitcha sarsam. Gulu lina analichotsa magazi, monga momwe madokotala a nthawiyo ankachitira, ndipo gulu lina analisiya dala, kuti aone kusiyana kwake. Kuchotsa magazi si mankhwala a nthenda imeneyi, ndipo masiku ano munthu woumitsa khosi ndi kutentha thupi ayenera kuthamangira naye ku chipatala. Chimene tikutolapo ndi njira yake: ngati ukufuna kudziwa kuti chinthu chikuthandiza, yerekeza amene achilandira ndi amene sanachilandire. Gulu la sayansi limene likufuna kudziwa ngati uthenga wake wosamba m'manja wagwira ntchito liyenera kuwerenga nyumba zokhala ndi mpondagiya lisanayambe, n'kudzawerenganso patapita miyezi, osangokhutira ndi kuwomba m'manja kwa anthu pamsonkhano.

Buku la anthu opanda dokotala

Madokotala ambiri a nthawi imeneyo ankalembera madokotala anzawo ndi mafumu. Al-Razi analembanso buku la anthu wamba lotchedwa Man la Yahduruhu al-Tabib, kutanthauza la munthu amene alibe dokotala pafupi. Anthu ankalitchanso mankhwala a osauka. Analilembera apaulendo, anthu akumudzi ndi onse osatha kulipira dokotala. M'bukuli anatchula matenda odziwika monga mutu, chifuwa, maso, makutu ndi m'mimba, n'kufotokoza chithandizo chogwiritsa ntchito zakudya ndi zinthu zopezeka pamsika kapena kukhitchini. Chizolowezi chake chinali kuyamba ndi kukonza kadyedwe, kenaka mankhwala osavuta, ndipo mankhwala osakaniza zambiri ankabwera pomalizira.

Mankhwala a m'bukuli ndi a nthawi yake, ndipo sitikulangiza aliyense kuwagwiritsa ntchito lero. Koma cholinga chake sichinakalambe. Iye anaona kuti nzeru yotsekeredwa m'chipatala siifikira mayi amene mwana wake wayamba kutsegula m'mimba pakati pa usiku kumudzi wakutali. Mayi ameneyo akadziwa kusungunula paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, n'kumamwetsa mwanayo ali m'njira yopita ku chipatala, moyo wa mwana ukhoza kupulumuka. Amene angamufikitsire nzeru imeneyi m'chiyankhulo chake, atakhala naye pakhonde, nthawi zambiri ndi mwana wake yemwe wa ku sekondale.

Al-Razi ankadziwanso kuti kumene dokotala safika, achinyengo amafikako. M'buku la al-Mansuri anaulula ndale za anthu odzitcha ochiritsa: ena ankabisa tinyongolotsi m'manja n'kunamizira kuti atitulutsa m'khutu kapena m'dzino la wodwala, ena ankaonetsa mwala wobwera nawo okha n'kunena kuti auchotsa m'chikhodzodzo. Analembanso kabuku kofufuza chifukwa chimene anthu amasiyira dokotala wodziwa ntchito n'kuthamangira kwa wabodza. Wabodza amalonjeza kuchiza msanga ndiponso kuchiza chilichonse, pamene wodziwa ntchito amanena zoona, kuti matenda ena amatenga nthawi ndipo ena sachizika. Amene munaonapo munthu pamsika akugulitsa botolo limodzi loti limachiza shuga, BP ndi kusabereka nthawi imodzi mukudziwa kuti ndale zimenezi zikadalipo.

Ukalamba ndi imfa yake

M'kabuku kena kofotokoza za moyo wake, al-Razi ananena kuti m'chaka chimodzi analembapo masamba oposa 20,000, ndipo kuti anatha zaka 15 akulemba buku limodzi lalikulu usana ndi usiku, mpaka maso anafooka ndipo dzanja linayamba kukanika kugwira cholembera. Zitatero sanasiye. Ankapempha wina kuti azimuwerengera ndi kumulembera. Pomalizira pake anachita khungu chifukwa cha ng'ala. Al-Biruni, katswiri wina wamkulu wa Chisilamu, analemba kuti wophunzira wake wina anachokera ku Tabaristan kudzafuna kumuchiza masowo, koma al-Razi anamuthokoza n'kukana, poona kuti masiku ake atsala pang'ono. Anamwalira kwawo ku Rayy m'mwezi wa Sha'ban chaka cha 313 Hijri, chomwe ndi 925. Al-Biruni yemweyo anasonkhanitsa mndandanda wa zolemba zake, ndipo zinakwana 184.

Ndi bwino kuti makolo ndi akuluakulu a mzikiti adziwe kuti al-Razi analembanso za filosofi, ndipo pa mfundo zina za kumeneko maulama a nthawi yake ndi a pambuyo pake anatsutsana naye mwamphamvu. Zambiri mwa zolemba zimenezo zinatayika, ndipo zimene zinatsala zinafika kwa ife kudzera mwa anthu amene ankatsutsana naye, monga Abu Hatim al-Razi, mnzake wa mumzinda womwewo. Za chikhulupiriro timaphunzira kwa mashehe athu kumadrasa. Kwa al-Razi tikutengako luso la udokotala, monga momwe Asilamu a mibadwo yonse yapitayi anachitira pokopera ndi kuphunzitsa mabuku ake a mankhwala.

Ophunzira amaliza ntchito

Pamene ankamwalira, al-Razi anasiya mulu wa makope amene ankalembamo moyo wake wonse: mawu a madokotala a Chigiriki, a ku Syria, a ku India ndi Aarabu pa nthenda iliyonse, pamodzi ndi zimene iye mwini anaona. Makopewa anali osasanjidwa, ndipo anatsala m'manja mwa mlongo wake. Ibn al-Amid, nduna ya mfumu Rukn al-Dawla imene inkalamulira ku Rayy, anawagula kwa mlongoyo, n'kuitana madokotala amene anaphunzira kwa al-Razi kuti awasanje. Zimene anasonkhanitsazo ndi buku lotchedwa al-Hawi, kutanthauza losunga zonse. Litasindikizidwa ku Hyderabad m'dziko la India m'zaka za m'ma 1900, linadzaza mabuku oposa 20.

M'chaka cha 1279 dokotala wa Chiyuda wa ku Sicily, Faraj ben Salim, anamaliza kulimasulira m'Chilatini, ndipo linasindikizidwa ku Brescia m'dziko la Italy m'chaka cha 1486. Gawo la 9 la al-Mansuri linkaphunzitsidwa m'mayunivesite a ku Ulaya kwa zaka mazana angapo, ndipo Andreas Vesalius, katswiri wotchuka wa kapangidwe ka thupi, anayamba ntchito yake yolemba ndi kufotokozera gawo limeneli m'chaka cha 1537. Mayina a ophunzira amene anasanja al-Hawi sakumbukiridwa ngati la mphunzitsi wawo. Koma akanati ntchitoyo si yawo, makope aja akanadyedwa ndi chiswe m'nyumba ya mlongo wake.

Kuchokera ku Rayy kufika ku Ntcheu

Nthomba imene al-Razi anaifotokoza inapitiriza kupha anthu kwa zaka zinanso 1,000. Mtundu wake woopsa unkapha anthu pafupifupi atatu mwa khumi alionse ogwidwa nayo. Edward Jenner anayesa katemera wake ku England m'chaka cha 1796, koma nthendayi inatha pokhapokha anthu wamba ambirimbiri ataphunzitsidwa kuyenda mudzi ndi mudzi, kuzindikira zotupa zake, kupereka lipoti ndi kutemera anthu. Munthu womaliza kuitenga mwachilengedwe anali Ali Maow Maalin wa ku Merca m'dziko la Somalia, m'chaka cha 1977. Iye anachira, ndipo pambuyo pake anadzipereka pa ntchito yotemera ana poliyo. Pa 8 May 1980 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti nthomba yatheratu padziko lonse.

Kuno ku Malawi ntchito ya alangizi a zaumoyo amene timawaona kusikelo inachokera komweko. M'zaka za m'ma 1960 boma linkalemba anthu otemera nthomba m'midzi. Kolera itabuka m'zaka za m'ma 1970 anthu otere anapatsidwa ntchito yolimbana nayo, ndipo pambuyo pake anakhala alangizi a zaumoyo amene tili nawo lero. Ophunzira, funsani agogo anu za nthomba. Ena akuonetsani chipsera cha katemera wake pamkono, ndipo ena akutchulirani abale amene inawatenga.

Chikuku chokha chikadalipo. Katemera wake anapezeka m'chaka cha 1963, ndipo kuno mwana amalandira woyamba ali ndi miyezi 9, wachiwiri ali ndi miyezi 15. Chikuku chimafala msanga kwambiri, moti pamafunika kuti ana 95 mwa 100 alionse atemeredwe kuti chisabuke m'dera. M'chaka cha 2010 chinabuka m'dziko muno n'kugwira anthu oposa 100,000. Kolera nayo tikuikumbukira bwino: mliri umene unayamba mu March 2022 unafika m'maboma onse, unagwira anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700, ndipo mu January 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iwo. Boma lathu lili pamsewu wa M1 ndiponso m'malire ndi Mozambique. Anthu amadutsa pa Biriwiri tsiku ndi tsiku, ndipo pamsika wa Lizulu pamakumana ogula ndi ogulitsa a mbali zonse ziwiri. Monga zinalili ku Rayy, pamene padutsa malonda pamadutsanso matenda.

Zimene tikupempha

Kwa ophunzira a m'magulu a sayansi: sanjanani ngati mizere ya al-Razi. A Fomu 1 ndi a Fomu 2 aziyenda ndi a Fomu 3 ndi a Fomu 4, ndipo gulu la Bayoloje ligawane zimene lapeza ndi la Kemisitiri ndi la Masamu, chifukwa wina adziwa za tizirombo, wina za muyezo wa klorini m'ndowa, wina za kawerengedwe. Uthenga uliwonse uyambe waonedwa ndi aphunzitsi komanso alangizi a zaumoyo a dera lathu musanapite nawo kwa anthu. Mukafunsidwa funso limene simukulidziwa, nenani kuti simukudziwa, lilembeni, mukafunse, ndipo mubwerere ndi yankho. Inu simuli madokotala: simupereka mankhwala ndipo simutchula nthenda ya munthu. Wodwala mumulozera ku chipatala. Lembani zonse m'kope, zoyenda bwino ndi zolephereka zomwe, kuti amene akubwera pambuyo panu asadzayambirenso pachiyambi. Polowa pakhomo pa munthu odirani, perekani salamu, khalani pansi, ndipo mverani kaye musanayankhule, chifukwa amene mukuwayendera ndi makolo anu.

Kwa makolo: nkhawa yanu ya mayeso ndi yomveka, ndipo ntchitoyi siyenera kulanda nthawi ya m'kalasi. Koma mwana amene wafotokozera azakhali ake mmene kolera imayendera kuchoka m'chimbudzi chosavindikira kufika m'mbale ya nsima sadzaiwala phunzirolo m'chipinda cha mayeso. Tikupempha kuti muwalole ana anu, aakazi ndi aamuna omwe, atenge nawo mbali motsogozedwa ndi aphunzitsi awo. Akabwera kudzafunsa kabuku ka kusikelo ka mng'ono wawo kuti aone ngati katemera wachiwiri wa chikuku analandira, musawaone ngati achipongwe.

Kwa a komiti ya mzikiti: chipembedzo chathu chinatiphunzitsa kale twahara. Timasamba m'manja pa wudhu tisanaswali, ndipo Mtumiki Muhammad (Sallallahu Alayhi Wasallam) anatilangiza kufunafuna mankhwala tikadwala komanso kusalowa kapena kutuluka m'dera limene mwabuka mliri. Zimene ana athu akuphunzira mu labotale zikungotionetsa ndi maso ubwino wa zimene tinalangizidwa. Chimene akusowa ndi malo oyankhulira ndi mawu a akuluakulu owavomereza. Mphindi zochepa pambuyo pa Swala ya Ijumaa, sopo pamalo ochitira wudhu, ndi madzi otetezedwa m'ndowa za pamadrasa zikhoza kuteteza mabanja ambiri mvula isanayambe, Insha Allah.